Magetsi a chilimwe awerengedwe kutentha kusanafike

TETE — Chaka chilichonse miyezi ya Outubro ndi Novembro ikafika, mumzinda wa Tete kumatentha kupitirira madigiri 40. Imeneyi ndiyo nyengo imene magetsi amafunika kwambiri. Mafiliji sapuma, makina oziziritsa m'maofesi amayenda usana wonse, ndipo mapampu amakoka madzi m'zitsime zimene zaphwa. Imeneyinso ndiyo nyengo imene mtsinje wa Zambezi umakhala wotsika, mvula isanayambe.

Anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amafunsa kuti: magetsi angazime bwanji m'chigawo chimene muli damu la Cahora Bassa? Funsoli n'lomveka. Ku Songo kuli makina asanu otha kupanga mamegawati 2,075, ndipo kuyambira 2007 gawo lalikulu la kampani ya HCB lili m'manja mwa Moçambique. Koma magetsi ambiri a kumeneko amagulitsidwa ku South Africa, kudzera pa nthambo zotalika pafupifupi makilomita 1,400. Ofika m'maboma a m'malire amadalira nthambo ndi matiransifoma a EDM, ndipo tiransifoma iliyonse ili ndi katundu wake amene ingasenze. Ikaikidwa pamene pamsika panali chigayo chimodzi, lero pali zigayo zinayi ndi owotcherera zitsulo, idzapsa ngakhale damu litadzaza.

Madzinso sangadaliridwe mwachimbulimbuli. Chilala cha 2024 chinatsitsa damu la Kariba, ndipo ku Zambia anthu ankakhala pafupifupi tsiku lathunthu opanda magetsi. Madzi a Kariba ndi omwewo amene amatsikira ku Cahora Bassa.

Choncho kuwerengera magetsi a chilimwe kusathere m'maofesi a ku Maputo. Kuyambire m'boma lililonse, nthawi yokolola, mpata ukadalipo wosintha tiransifoma ndi kusadza mitengo yokhudza nthambo. Amisiri a EDM ayende ndi mafumu ndi akuluakulu a misika, alembe zigayo, mapampu ndi nyumba zatsopano. Ngati magetsi adzachepa, wailesi ilengeze m'Chinyanja tsiku ndi ola lozimitsa, kuti mayi asayende ulendo wautali ndi thumba la chimanga n'kukapeza chigayo chili zii. Zipatala zikhale zomaliza kuzimitsidwa, chifukwa katemera wa ana amawonongeka filiji ikatentha.

Eni mudzi nawonso ali ndi mbali yawo. Wogula chigayo kapena makina owotcherera akauze a magetsi asanalumikize. Wokoka nthambo mwakuba saoneka m'kaundula, koma tiransifoma imamumva, ndipo ikapsa mudzi wonse umagona mumdima. Wotentha tchire akumbukire kuti moto susankha, umapsereza ndi mitengo ya magetsi yomwe.

Akuluakulu anati chikumbutsa nkhwangwa ndi chisanu. Pa nkhani ya magetsi, kudikira kuti kutentha kukumbutse anthu n'kuchedwa. Kaundula wa boma lililonse akhale atatha mwezi wa Agosto usanathe.