Funsaninso za masiku amene sankagona

Munthu akabindikira m'nyumba sabata ziwiri osadya, osasamba, osayankhula, abale amadziwa kuti zinthu sizili bwino. Koma munthu yemweyo akayamba kugona maola awiri okha usiku n'kudzuka ndi mphamvu zosefukira, akunena za mabizinezi atatu amene ayambe mwezi uno, abale amathokoza Mulungu kuti wachira. Apa ndi pamene matenda a bipolar disorder amabisala. Ndikuona kuti tikulephera kuwazindikira chifukwa timangoyang'ana nthawi ya kukhumudwa, pamene chizindikiro chowasiyanitsa ndi matenda ena a maganizo chili m'masiku amene wodwala amaoneka wamphamvu kuposa aliyense pakhomo. Bungwe la World Health Organization linati mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo kawirikawiri amayamba munthu asanafike kapena atangopitirira zaka 20.

Nthawi ya mphamvu yosefukirayi madokotala amaitcha mania. Imatha sabata kapena kupitirira. Yocheperako mphamvu, yotchedwa hypomania, imatha masiku anayi kapena kuposerapo. Munthu amayankhula mofulumira osapatsa mnzake mpata, amalumpha nkhani ina isanathe, amadziona ngati wapatsidwa nzeru kapena ntchito yapadera, ndipo mukamutsutsa amapsa mtima msanga. Ndalama za fodya za chaka chonse zimatha m'masiku ochepa, amatenga katapila, amagawa katundu wa m'nyumba, mwinanso kuyamba zibwenzi zimene kale sakanaziganizira n'komwe. Pa zonsezi chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi tulo. Wosowa tulo chifukwa cha ngongole kapena maliro amalakalaka atagona, ndipo masana amakhala wolefuka. Wa mania saona kufunika kogona ndipo satopa. Mayi kapena mkazi wake angathe kuona kusiyana kumeneku popanda makina alionse, ndipo kumayamba kuoneka zinthu zisanafike poipa.

Vuto ndi lakuti wodwala sapita kuchipatala kukadandaula kuti ali ndi mphamvu zambiri. Amapita atagwa, pamene mtima uli wolemera, chakudya sichikoma, ndipo akudziimba mlandu chifukwa cha zimene anaononga. Wachipatala akamva za kukhumudwa kokha, amapereka mankhwala a kukhumudwa monga amitriptyline kapena fluoxetine. Kwa munthu wa bipolar, mankhwala amenewa akamwedwa paokha angathe kudzutsa mania. Iye amafunika mankhwala okhazikitsa maganizo monga lithium, amene dokotala wa ku Australia, John Cade, anaonetsa mphamvu yake mu 1949, kapena carbamazepine ndi sodium valproate, ngakhale kuti valproate ndi woopsa kwa mwana wosabadwa ndipo sayenera kuperekedwa mwachisawawa kwa amayi amene angatenge mimba. Choncho mankhwala oyenera amadalira mbiri yonse, ndipo mbiri yonse ili ndi abale, chifukwa wodwalayo amakumbukira masiku a mania ngati nthawi imene anali bwinobwino.

Wina anganene kuti aliyense amasinthasintha, lero kuseka mawa kukwiya, ndipo tikayamba kutchula matenda pa khalidwe lililonse tidzakhala tikupereka chothawira kwa anthu osadziletsa. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, makamaka masiku ano pamene pa Facebook munthu aliyense wovuta akutchedwa bipolar. Koma kusintha kwa m'mawa ndi madzulo si matendawa. Chimene madokotala amafufuza ndi nyengo yokhala ndi chiyambi ndi mapeto, ya masiku kapena masabata, imene munthu amasiyaniratu ndi mmene anthu amamudziwira. Wowononga ndalama chibadwire ndi wowononga basi. Koma mphunzitsi wosamala, wodziwika ndi kusunga ndalama ku banki m'khonde, akagulitsa njinga ndi malata a nyumba m'sabata imodzi osagona, kenaka patapita miyezi n'kugwa m'chisoni chosadzuka nacho, kumutcha wosadziletsa n'kumulakwira.

Ena amati zimenezi ndi zolodzedwa, kapena munthuyo anaphonya zizimba pofuna kukhwima, kapena ndi chamba. Sindinyoza banja limene limathamangira kwa abusa kapena kwa sing'anga, chifukwa mwana akayamba kunena kuti Mulungu akumuyankhula usiku wonse, mantha amagwira aliyense. Koma taonani kuti mania imatha yokha pakapita nthawi ngakhale popanda mankhwala, ndipo imabweranso. Amene anali ndi wodwala pa nthawi imene inkatha ndiye amatamandidwa, banja n'kukhulupirira kuti vuto latha, mpaka litabwerera. Za chamba zili ndi choonadi chake, pakuti chimadzutsa ndi kukulitsa matendawa, koma ambiri amadwala asanasutepo. Matendawa amayenda m'magazi, ndipo funso lakuti kodi kuchimuna kapena kuchikazi kunali wina wotere limathandiza kwambiri. Komanso malungo okwera kumutu, HIV, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, ngakhale mankhwala monga prednisolone, zingabweretse zizindikiro zofanana ndi mania. Zimenezi zimafuna kuyeza magazi, ndipo sizidikira.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi chakuti kuzindikira kulibe phindu pamene thandizo lili kutali. N'zoona kuti madokotala a matenda a maganizo m'Malawi ndi ochepa, ndipo Zomba Mental Hospital kapena St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe si pafupi kwa munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa. Koma m'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi achipatala ophunzira za matenda a maganizo, ndipo m'mphindi zochepa zimene ali nazo, ntchito yawo imaphweka ngati wobwera ndi wodwala anena momveka kuti chaka chatha anakhala masiku khumi osagona, akuyankhula mosalekeza. Kuchedwa kuli ndi mtengo wake: anthu a bipolar ali pa chiopsezo chachikulu chodzipha, makamaka pa nthawi ya kukhumudwa, ndipo amayi ena amadwala mwadzidzidzi m'masabata oyamba atangobereka. Wodwala akayamba kunena za imfa, kapena mayi wa khanda akatha mausiku awiri kapena atatu osagona koma osatopa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo wopita naye akhale munthu amene anaona nyengo zonse ziwiri.