Tikamalimbana ndi khansa ya m'mawere, mtima tisauiwale

Opaleshoni ya khansa ya m'mawere ikatha bwino, banja limapumira m'mwamba. Koma kwa amayi ambiri chithandizo sichithera pomwepo. Khansa zambiri za m'mawere zimakula mothandizidwa ndi homoni ya estrogen, choncho dokotala amapereka mapiritsi omwa tsiku lililonse kwa zaka 5, ena mpaka 10.

Mankhwala a tamoxifen, omwe akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1970, amatchinga homoniyi kuti isadyetse khansa. Kwa amayi omwe khansa yawo imadalira estrogen, kumwa tamoxifen zaka 5 kumachepetsa imfa za khansayi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Amenewa si mankhwala owanyalanyaza.

Komabe walira mvula walira matope. Tamoxifen amawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo magazi oundanawo akhoza kukatseka m'mapapo. Chiopsezo cha sitiroko nachonso chimakwerako. Mankhwala ena monga anastrozole ndi letrozole, omwe amaperekedwa makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba, amatsitsa estrogen m'thupi lonse ndipo amatha kukweza mafuta m'magazi. Mu 2021 bungwe la American Heart Association linalangiza kuti anthu omwe ali pa mankhwala a mahomoni aziwunikidwanso mtima.

Kwathu kuno langizoli ndi lofunika kwambiri. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Ndiye kuti mayi akhoza kuyamba mapiritsiwa mtima uli kale pampanipani.

Maganizo anga ndi akuti mayi aliyense akapita kukatenga mankhwalawa aziyezedwa BP, ndipo shuga aziyezedwanso nthawi ndi nthawi, zotsatira zizilembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Kuyeza BP sikutenga mphindi zisanu.

Ife ophunzira ndi amene timaperekeza amayi athu ndi azakhali kuchipatala, ndipo timatha kuwerenga zolembedwa pakabokosi ka mankhwala. Tifunse mafunso mwaulemu koma osachita manyazi. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, mpweya ukayamba kubanika mwadzidzidzi, kapena pakamwa pakapotoka, tisadikire tsiku la kiliniki. Ndipo tisawauze kuti asiye mankhwala chifukwa cha zomwe tawerenga pa WhatsApp. Kusintha mankhwala ndi ntchito ya dokotala. Yathu ndi kuonetsetsa kuti dokotalayo wauzidwa zonse.