Miyezi ilingane, Januwale afupike

Kalendala imene ili pakhoma m'nyumba zambiri lero inakonzedwa ndi Papa Gregory XIII mu 1582. Chaka chimenecho anthu a ku Rome anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala. A ku Britain anakana mpaka 1752, ndipo atagonja anataya masiku 11. Koma chilema chachikulu sichinakhudzidwe: miyezi ndi yosalingana. Mpaka lero munthu wamkulu, ndevu pepeya, amakunga chibakera n'kumawerenga mfundo za zala kuti adziwe ngati Seputembala ali ndi masiku 30 kapena 31.

Kusalingana kumeneku kumapweteka m'thumba. Mwininyumba amalandira lendi yathunthu mu Febuluwale ngakhale mweziwo ndi wopunguka. Wantchito amakhetsa thukuta masiku 31 mu Malichi koma malipiro ake ndi omwe aja a masiku 28. Nanga Januwale! Malipiro a Disembala amabwera msanga n'kuthera pa Khirisimasi. Kenaka fizi ya ana, yunifolomu, feteleza wobereketsa, ndipo ufa m'thumba watsala wa m'makona, wochita kukutumula. Mwezi wotere kuupatsa masiku 31 ndi nkhanza, ndipo palibe angatsutse.

Mankhwala ake anapezeka kalekale. Mu 1902, Moses Cotsworth, yemwe ankagwira ntchito kukampani ya sitima zapamtunda ku England, anati chaka chikhale ndi miyezi 13 ya masiku 28. Onse pamodzi ndi 364, ndiye tsiku lotsalalo likhale latchuthi, losawerengedwa m'sabata. Mwezi watsopanowo, Sol, anauika pakati pa Juni ndi Julayi. Mwezi uliwonse ukanamayamba Lamulungu, ndipo kalendala imodzi ikanakhala pakhoma mpaka itachita kudyedwa ndi chiswe. Sanali maloto chabe ayi: kampani ya Kodak inayendetsa mabuku ake motere kuyambira 1928 mpaka 1989.

Zoona, walira mvula walira matope. Malipiro akabwera ka 13, mwininyumba naye agogoda ka 13. Wobadwa Lolemba azikumbukira kubadwa kwake Lolemba moyo wake wonse. Atsogoleri a zipembedzo nawo anakana tsiku lopanda dzinalo chifukwa likanasuntha Sabata, ndipo nkhawa yawo inali yomveka. Sabata siseweretsedwa. Dziko la France linayesa sabata ya masiku 10 mu 1793, kupuma kamodzi kokha, ndipo pofika 1806 kalendala yonseyo inali itatayidwa.

Matope amenewa ndi olambalalika, ndipo a ku Ethiopia anawalambalala kale. Iwo ali ndi miyezi 12 ya masiku 30 uliwonse, kenaka kamwezi ka Pagume ka masiku 5, kapena 6 pa zaka zinayi zilizonse. Sabata imayenda mwa masiku onse osadumpha, wopemphera sasokonezeka, ndipo wantchito amadziwiratu kutalika kwa mwezi umene akuugwirira ntchito.