Tisamatenthe chakudya cha nthaka

Mwezi wa Ogasiti ukafika, utsi umakwera m'minda yambiri. Ena amatentha mapesi kuti kusosa kusavute, ena amasaka mbewa. Pofika Novembala anthu omwewo amakhala pamzere kudikira feteleza wotsika mtengo, uku akudandaula kuti nthaka yaguga. Kunena zoona, nthakayo tikuigugitsa tokha.

Chimanga chimadya. Nayitirojeni ndiye amakulitsa masamba. Akasowa, masamba a m'munsi amachita chikasu. Fosiforasi amalimbitsa mizu. Akachepa, timbewu tating'ono timaoneka tofiirira. Chaka chilichonse tikakolola timachotsa michere imeneyi m'munda, ndipo tikatentha mapesi, nayitirojeni wotsalamo amapita ndi utsi. Dothi lopanda zinyalala zowolerana limauma gwa, madzi amvula amangodutsa pamwamba atanyamula feteleza yemwe tagula ndi thukuta. Kaufiti nayenso amakonda minda yoguga chonchi.

Sindikunyoza feteleza. NPK wokulitsa ndi Urea wobereketsa amachulukitsa zokolola akathiridwa pa nthawi yake, Ureayo patatha pafupifupi milungu itatu chimanga chitamera, dothi lili lonyowa, ndipo akwiriridwe. Koma feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chomwecho. Chimene chimabwezera mphamvu m'nthaka ndi manyowa.

Kuyambira 2005, pamene boma linayamba ndondomeko ya makuponi, ambiri tinazolowera kudikira. Komatu akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndowe za mbuzi, zitosi za nkhuku, phulusa ndi masangwi a mtedza tili nazo pakhomo, ndipo zikawolerana bwino zimakhala manyowa. Nandolo, soya ndi mtedza zili ndi timibulu pa mizu tomwe timakoka nayitirojeni wa mumpweya. Mtengo wa msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho umathira manyowa osaphimba chimanga ndi mthunzi.

Ena amati kupanga manyowa ndi chintchito. N'zoona, kututa ndowe n'kolemetsa. Koma kulemera kwake sikungafanane ndi kwa mayi amene nkhokwe yake yatha mu Januwale, ana akugona ndi njala. Mtedza ndi soya zomwe zimakonza nthaka ndi zomwenso zimapatsa thanzi mwana m'phala lake.

Chaka chino tiyambe ndi zochepa: tisatenthe mapesi, tikumbe dzenje la manyowa mvula isanagwe, ndipo mbali ina ya munda tidzalemo mbewu za mtundu wa nyemba. Feteleza akabwera, adzapeza nthaka yokonzeka kumugwira.