Nyali za galimoto zamakedzana: chilichonse chili ndi chaka chake

Nyali ya kutsogolo kwa galimoto yamakedzana ili ndi zigawo zingapo: chigoba chachitsulo, mkombero wogwira galasi, galasi lenilenilo, mbale yowalitsa ya m'kati, ndi babu kapena kampopi kotulutsa lawi. Kunja kwake eni galimoto ankawonjezerako tizipewa, masefa otchinga miyala ndi tinyali tothandizira. Chilichonse mwa izi chinkasintha malinga ndi chaka, dziko ndi kampani yopanga, ndipo pa ziwonetsero za galimoto zakale oweruza amazindikira msanga ngati mmisiri anatsata mbiri ya galimotoyo kapena anangophatikiza zimene anapeza.

Galimoto zoyambirira zinkayenda ndi nyali za palafini ndi za acetylene, gasi yemwe owotcherera zitsulo amagwiritsa ntchito mpaka lero. Gasiyu ankapangidwa pagalimoto pomwepo, m'kachitini komwe madzi ankadonthera pa miyala ya carbide, kapena ankagulidwa m'mathanki a kampani ya Prest-O-Lite, yomwe inayamba mu 1904 ku Indianapolis. Zigoba za nthawi imeneyo zinali za mkuwa wachikasu, zokhala ndi kachumuni pamwamba. Mu 1912 Cadillac inatulutsa galimoto ya magetsi a Delco oyatsira injini ndi nyali zomwe, ndipo makampani ena anatsatira pang'onopang'ono. Ford Model T, yomwe inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, inalandira nyali za magetsi mu 1915, koma mphamvu yake inkachokera ku magneto ya injini, moti woyendetsa akachepetsa liwiro nyali zinkazilala. Choncho Model T ya 1911 ndi ya 1920, ngakhale dzina ndi limodzi, sizingabwerekane nyali. Ngakhale m'chaka chimodzi Ford ankagula nyali kwa opanga angapo, monga E&J ndi Jno. W. Brown, ndipo dzina la wopanga limapezeka litadindidwa pachumuni.

Utoto wa chitsulo ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Mkuwa unalamulira mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1910, kenako kunabwera nickel, ndipo chrome inafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Nickel imawala mofatsa, motsamira ku chikasu, pamene chrome imathobwa m'maso ndipo imatsamira ku buluu. Wokonza galimoto ya 1923 akapaka mkombero chrome chifukwa siivuta kusamala, wawononga ndalama pa chinthu chimene fakitale sinaikepo. Ford Model A imasonyeza bwino kufulumira kwa kusinthaku: zigoba za 1928 ndi 1929 zinali zopakidwa nickel, za 1930 ndi 1931 zinali za chitsulo chosachita dzimbiri.

Zowonjezera zambiri zinabadwa chifukwa cha vuto limodzi, la kuthobwa m'maso oyendetsa ochokera kutsogolo. Mababu a mawaya awiri, owala patali ndi pafupi, asanafale m'zaka za m'ma 1920, anthu ku America ankagula magalasi apadera ochepetsa kuwala. Corning inkagulitsa la Conaphore, ndipo kampani ya Macbeth-Evans inali ndi galasi lokhala ndi kachipewa kobiriwira kumtunda. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1930, Lucas ya ku Birmingham inkapanga nyali zomwe woyendetsa akadina batani, mbale ya nyali ya kumanzere inkawerama ndipo ya kumanja inkazimiratu. Galimoto zapamwamba za ku America, monga Packard, zinkavekedwa nyali za Pilot-Ray zolumikizidwa ku chiwongolero, zomwe zinkatembenuka pamodzi ndi matayala pakona.

Masefa otchinga miyala ali ndi mbiri yawoyawo. Pa mpikisano woyamba wa maola 24 ku Le Mans mu 1923, miyala inaswa nyali ya Bentley ya John Duff ndi Frank Clement, inaboolanso thanki ya petulo. Chaka chotsatira anabwerera atatchinga nyali ndi sefa, ndipo anapambana. Masefawa amayeneradi galimoto zaliwiro za nthawi imeneyo, koma lero amamangidwa pa galimoto zambiri zabanja zomwe sizinawaonepo zili zatsopano, chifukwa chongokongola. Chimodzimodzi zivindikiro zachitsulo zokhala ndi timipata, zomwe lamulo linkafuna ku Britain pa nkhondo yomwe inayamba mu 1939 pofuna kubisa kuwala kuti ndege za adani zisakuone: zimayenera galimoto yomwe ikuwonetsedwa monga inalili m'zaka za nkhondo basi.

Dziko limene galimoto inagulitsidwa nalo limalamula. Ku France lamulo linkafuna nyali zachikasu kuyambira 1937 mpaka 1993, motero Citroën kapena Peugeot ya msika wa kumeneko imayenera mababu achikasu, kawirikawiri m'nyali za Marchal kapena Cibié. Ku America, kuyambira 1940, galimoto zatsopano zinkatuluka ndi nyali zomata za sealed beam, zozungulira, za mainchi 7, ndipo mu 1957 anayamba kulola zinayi zocheperako. Eni galimoto za m'ma 1930 ambiri anachotsa magalasi ndi mbale zoyambirira n'kulowetsamo nyali zomatazo. Zida zosinthira zimenezi nazonso ndi zakale tsopano, koma pa galimoto yofuna kuoneka monga inatulukira m'fakitale ndi zachilendo.

Kufufuza kumayambira pa mapepala, msika usanafikidwe. Mabuku a zida a fakitale, makatalogu a ogulitsa a nthawiyo ndi zithunzi zojambulidwa galimoto ili yatsopano ndiwo mboni zodalirika. Chithunzi cha galimoto yokonzedwa kale ndi mboni yofooka, chifukwa cholakwa cha mmisiri mmodzi chimatha kukoperedwa ndi anzake khumi. Mabungwe a eni galimoto amathandizanso: awiri a Model A ku America, MARC ndi MAFCA, ali ndi buku limodzi la malamulo okonzera ndi kuweruzira, lomwe limatsata kusintha kwa zida mwezi ndi mwezi. Zida zenizeni zimapezeka m'misika ikuluikulu ya zakale, monga wa ku Hershey ku Pennsylvania mu Okutobala ndi wa ku Beaulieu ku England mu Seputembala, komanso pa intaneti. Wogula wanzeru amapita atayeza kale m'mimba mwa mkombero ndi kulemba manambala odindidwa pagalasi, popeza magalasi osiyana pang'ono chabe amaoneka ofanana pa tebulo la wogulitsa. Galasi lakale lomwe lasanduka lofiirira motsamira ku pepo lisanyozedwe: ndi manganese wa m'galasimo amene wasintha ndi dzuwa la zaka zambiri, ndipo kawirikawiri ndi umboni wa ukale wake.

Chikasowa, chimapangidwa. Zigoba ndi mikombero amazipinda pa makina ozungulira, kukanikiza chitsulo chopyapyala pa chikombole cha mtengo wolimba. Mahinji, tizipilala ndi zomangira amaziumba ndi mkuwa wosungunula, ndipo pano pali msampha: mkuwa umachepa pang'ono ukamazizira, moti chida choumbidwa potengera chakale chimatuluka chaching'ono kuposa chinzake. Masiku ano ena amasindikiza chikombole ndi makina a 3D atachikulitsako pang'ono kuti avindikire kuchepako. Tizipewa ndi masefa sizivuta. Mmisiri wa malata wodziwa kupinda milomo ndi kumata ndi mtovu akhoza kuzipanga atapatsidwa chitsanzo ndi muyeso. Galasi ndilo lovuta kwenikweni, chifukwa mizere yake inkadindidwa m'chikombole chachitsulo chodula kwambiri. Pa galimoto zofala monga Model T ndi Model A magalasi atsopano alipo. Pa zosowa, njira ndi kudikira lakale, kapena kuumba la pulasitiki yoonekera, lomwe limakhala bwino pa chiwonetsero koma silingapirire lawi la gasi.

Mbale yowalitsa imafuna chisamaliro choposa zonse. Zakale zinkapakidwa siliva, yemwe amabweza kuwala kwambiri koma amada akakhudzana ndi mpweya. Mankhwala opukutira mkuwa amapala siliva yenseyo pakanthawi kochepa. Amisiri akale ankagwiritsa ntchito mwaye wa nyali wosakaniza ndi spirit pa thonje lofewa. Mbale yothetheka imapakidwanso siliva kapena aluminiyamu, osati chrome, yemwe amanyezimira pamaso koma amabweza kuwala kochepa. Kamkombero ka cork pakati pa galasi ndi mbale kamatseka fumbi ndi chinyontho, ndipo kakasowa ntchito yonse imada m'miyezi yochepa. Pa galimoto za 6 volt, nyali zozilala kawirikawiri zimachokera ku waya woonda kapena dzimbiri pomwe nyali imagwira thupi la galimoto, ndiye kutsuka malo amenewo kuyenera kuyamba munthu asanaganize zosintha batire.

Pali malo awiri pomwe chitetezo chimaposa mbiri. Gasi wa acetylene asadutse m'paipi ya kopa weniweni, chifukwa awiriwa amapanga mankhwala otha kuphulika. Chachiwiri ndi mbali ya msewu: magalasi a ku Ulaya a kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kupita mtsogolo amaponya kuwala kumbali imodzi, kotero la ku France kapena Germany, komwe amayenda kumanja, limathobwa anzake pa misewu ya ku Malawi, Zambia kapena South Africa, komwe amayenda kumanzere. Galimoto yoti iziyenda usiku kuno imafuna galasi la chaka chake koma la msika wa ku Britain.