Bodza loti mkazi alibe mutu wa chess

Mu 2015, Nigel Short, katswiri wa chess wa ku England amene adalimbiranapo ukatswiri wa dziko lonse ndi Garry Kasparov mu 1993, adalemba m'magazini ya New in Chess kuti ubongo wa mwamuna ndi wa mkazi udapangidwa mosiyana, choncho anthu angovomereza kuti pa masewerowa akazi sangafanane ndi amuna. Sadayambe ndi iye. Bobby Fischer wa ku America adanena mu 1962 kuti akazi ndi ofooka pa chess, ndipo palibe mkazi amene iye angalephere kumugonjetsa ngakhale atayamba masewero atadzichotsera kavalo mmodzi. Kasparov naye, ali pachimake, ankanena poyera kuti chess si ya akazi. Kuno kwathu maganizo omwewa tili nawo, kungoti timawanena mwachidule: ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Limeneli ndi bodza, ndipo kuipa kwake n'kwakuti olinena ndi omwewo amene adakonza zinthu kuti lizioneka ngati loona.

Iwo amathamangira ku ziwerengero, ndipo ziwerengerozo sindizikana. Mwa anthu pafupifupi 2,000 amene ali ndi udindo wa Grandmaster, womwe ndi wapamwamba kwambiri umene bungwe loyendetsa chess padziko lonse la FIDE limapereka, akazi safika 50. Akazi atatu okha ndi amene adalowapo pa mndandanda wa osewera 100 apamwamba padziko lonse: Maia Chiburdanidze wa ku Georgia, Judit Polgár wa ku Hungary ndi Hou Yifan wa ku China. Koma pali chiwerengero china chimene satchula: mwa osewera khumi olembedwa ndi FIDE, mkazi amakhala mmodzi yekha. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti enawo adatsalira pati, ndipo adawatsalitsa ndani.

Yankho lake silili ku Ulaya kokha. Imani pamsika wa Golomoti kapena pa Mtakataka dzuwa likapendeka, muone amene azungulira bawo pamthunzi. Ndi abambo ndi anyamata. Kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri kamakhala chonjuta pambali, kuwerenga nkhomo ndi maso, kuphunzira kutakata popanda woti akaphunzitse, ndipo palibe amakathamangitsa. Mlongo wake wa msinkhu womwewo ali pamzere kumjigo, kapena wasenza nkhuni kuchokera m'munsi mwa phiri, kapena wabereka mwana kumsana pamene amake ali kumpunga ku Bwanje. Atayerekeza kuima pabawopo kwa mphindi zisanu, wina amufunsa kuti, "Iwe, kwanu kulibe ntchito?" Akadzakula, abambo omwewo adzanena motsimikiza kuti akazi satha bawo. Sadzakumbukira kuti ndi iwo adamuchotsapo.

Chess imalanga kwambiri kuchedwa kotereku. Akatswiri ake amapangidwa ali ana. Magnus Carlsen wa ku Norway adakhala Grandmaster ali ndi zaka 13. Gukesh Dommaraju wa ku India adafikapo ali ndi zaka 12, ndipo mu December 2024 adatenga ukatswiri wa dziko lonse ku Singapore ali ndi zaka 18. Bambo ake, omwe ndi dokotala, adasiya ntchito kuti aziyenda naye ku mipikisano. Zaka zimene mnyamata wotere amathera pabolodi maola ambiri patsiku ndi zomwezo zimene mtsikana wa ku Mua amathera akutsuka mbale, kusinja ndi kulera azing'ono ake, ndipo akangotha msinkhu anthu amayamba kumuwerengera masiku oti akwatiwe. Inkosi Theresa Kachindamoto, imene idali mfumu ya dera lonseli, idadziwika dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana. Pofika 2016 idali itathetsa maukwati oposa 800, kubwezera anawo kusukulu, ndi kuimitsa paudindo mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera mchitidwewu. Malamulo aakulu a dziko adasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asadakwane zaka 18. Ngati padafunika mfumu yolimba mtima chotero kuti mtsikana angotsala m'kalasi, ndani angaime n'kunena kuti atsikana a kuno adayesedwa pa nzeru ndipo adapezeka operewera? Kutsekera madzi munda umodzi wa mpunga nyengo yonse, kenako n'kumanena kuti mbewu yake ndi yachabe, ndi chinyengo, ndipo mlimi aliyense wa ku Bwanje angakuuzeni choncho.

Tikudziwa chimene chimachitika mtsikana akapatsidwa nthawi yonse imene mnyamata amapatsidwa, chifukwa zidachitikapo. László Polgár ndi mkazi wake Klára, a ku Budapest, adaphunzitsa ana awo atatu, Susan, Sofia ndi Judit, chess kuyambira ali aang'ono. Mu 1988 atatuwo pamodzi ndi Ildikó Mádl adapatsa Hungary mendulo ya golide pa mpikisano wa Olympiad ya akazi, kugonjetsa Soviet Union imene idazolowera kupambana. Mu 1991 Judit adakhala Grandmaster ali ndi zaka 15 ndi miyezi inayi, kuphwanya mbiri imene adaikhazikitsa Fischer yemwe uja. Mu 2002 ku Moscow adagonjetsa Kasparov. Mu 2005 adali wachisanu ndi chitatu padziko lonse, amuna ndi akazi pamodzi, ali ndi mapointi 2735. Short mwini wake adagonja kwa Judit kambirimbiri. Kasparov pambuyo pake adavomereza kuti ana a Polgár adamusintha maganizo, ndipo pa chimenecho ayamikidwe. Koma ena mpaka lero amati Judit adali wapadera, chozizwitsa chosabwerezeka. Chapadera pa iye chidali chakuti makolo ake sadamutume kukhitchini pamene bolodi ili patebulo.

Ndipo ngakhale banja limeneli lidakumana ndi khomo lotseka. Mu 1986 Susan Polgár adachita bwino pa mpikisano wa dziko la Hungary moti adayenera kulowa m'ndime zopita ku ukatswiri wa dziko lonse, koma adamukaniza chifukwa mpikisanowo unkatchedwa wa amuna. Kalekale, mu 1929 ku Carlsbad, Vera Menchik atakhala pansi kuti asewere ndi amuna, Albert Becker wa ku Austria adaseka n'kunena kuti aliyense wogonja kwa mkaziyo azilembedwa m'kalabu ya dzina lake. Woyamba kulembedwa adakhala iye mwini. Nona Gaprindashvili wa ku Georgia, mkazi woyamba kupatsidwa udindo wa Grandmaster mu 1978, adachita kukasuma Netflix kukhoti mu 2021 chifukwa sewero la The Queen's Gambit lidanena kuti iye sadasewerepo ndi amuna, pamene adasewera nawo ambiri ndi kuwagonjetsa. Mayi wa zaka 80 kuvutika ndi makhoti kuti anthu asafufute ntchito ya moyo wake wonse! Akapambana amamuseka, akakalamba amamuiwalitsa, ndiye wina n'kumadabwa kuti atsikana alibe omutsanzira.

Ofufuza nawo adaziona. Mu 2008, Anne Maass ndi anzake ku Italy adaseweretsa akazi pa intaneti ndi amuna a mphamvu zofanana nawo. Akaziwo akadziwa kuti akusewera ndi mwamuna ankasewera mofooka, koma akauzidwa kuti mnzawoyo ndi mkazi ankasewera bwino, chikhalirecho munthu wake ndi yemweyo. Mu 2023 ofufuza a ku New York University adapeza kuti makolo ndi aphunzitsi a chess amayembekezera zochepa kwa atsikana kusiyana ndi anyamata. Akatswiri amatsutsanabe pa kukula kwa gawo limene chifukwa chilichonse chimatenga, ndipo kutsutsanako n'koyenera. Koma palibe adaonetsapo mbali ya ubongo wa mkazi imene imalephera kuwerengera mayendedwe a kavalo. Chimene chidaoneka n'chakuti mawu onyoza amalowa m'mutu mwa mwana n'kumusokoneza dzanja. Mphunzitsi amene amauza mnyamata kuti, "Wagonja kwa mkazi, sukuchita manyazi?" wavulaza ana awiri nthawi imodzi: mnyamatayo waphunzira kunyoza, mtsikanayo waphunzira kuti kupambana kwake ndi chipongwe kwa wina.

Pali choipa china choposa kunyoza, chimene akuluakulu a masewerowa adachibisa kwa nthawi yaitali. Mu February 2023, Jennifer Shahade, amene adakhalapo katswiri wa akazi ku America kawiri, adaulula kuti Grandmaster Alejandro Ramirez adamuchita nkhanza zokhudza kugonana. Nyuzipepala ya Wall Street Journal idalemba kuti akazi asanu ndi atatu adamudandaula, ena mwa iwo akunena za nthawi imene adali asadakwane zaka 18, ndiponso kuti madandaulo adali atafika kale kwa akuluakulu koma munthuyo adapitiriza kukhala pafupi ndi atsikana monga mphunzitsi. Ramirez adatula pansi udindo ku Saint Louis Chess Club ndipo bungwe la chess la ku America lidamuletsa. Mu August chaka chomwecho osewera achikazi a ku France adalemba kalata yapoyera, imene akazi oposa 100 a m'mayiko osiyanasiyana adasainira, kunena kuti nkhanza zotere ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene atsikana amasiyira chess. Kholo la ku Mtakataka limene limakana kuti mwana wake wamkazi akagone ku Lilongwe kapena ku Blantyre chifukwa cha mpikisano silikhala lopusa. Likudziwa dziko limene tikukhalamo. Mlandu uli pa amuna amene amasandutsa ulendo wa mwana kukhala msampha, ndi pa anzawo amene amadziwa koma n'kukhala chete pofuna kuteteza dzina la bungwe.

Nalo bungwe la FIDE lisasambe m'manja. Mu 2021 lidalengeza monyadira kuti lapeza wothandiza chess ya akazi, ndipo wothandizayo adali Motiva, kampani yogulitsa zoikira m'mawere kuti akule. Kwa mtsikana amene wathera ubwana wake akuphunzira kuganiza, uthenga wake udali womveka: tikuyang'ana thupi lako. Mu 2022, chaka chimene FIDE idachitcha cha akazi, Ilya Smirin adachotsedwa pa ntchito youlutsa mpikisano wa akazi ku Astana chifukwa chonyoza osewera omwewo ali pa mphepo. Mu January 2024 Divya Deshmukh wa ku India, ali ndi zaka 18, adadandaula atasewera ku Wijk aan Zee kuti anthu ankakamba za tsitsi lake, zovala zake ndi kayankhulidwe kake, osati masewero ake. Chaka chotsatira adapambana World Cup ya akazi ku Batumi n'kukhala Grandmaster. Pa ndalama napo mpata ndi waukulu: mu 2023, pa ukatswiri wa dziko lonse, Ding Liren ndi Ian Nepomniachtchi ankalimbirana mayuro 2 miliyoni, pamene pa ukatswiri wa akazi Ju Wenjun ndi Lei Tingjie ankalimbirana 500,000. Okonza mpikisano wa Norway Chess adaonetsa mu 2024 kuti n'zotheka kupereka mphotho zofanana. Ena onse akudikira chiyani?

Mipikisano ya akazi okha ine sindiitsutsa. Pamene mtsikana ali yekha m'chipinda cha amuna makumi asanu, malo oti apumireko ndi ofunika. Koma isakhale khola. Judit Polgár adafika pomwe adafika chifukwa ankasewera ndi aliyense wamphamvu, ndipo mtsikana wa ku Malawi amene akugonjetsa atsikana anzake onse ayenera kulembetsedwa m'chigawo cha onse, ngakhale azikagonja poyamba.

Kuno kwathu tili ndi umboni wathuwathu, wochokera m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Mayi Susan Namangale adakulira m'mudzi wa Chombo ku Nkhotakota, ndipo adaona bolodi ya chess ali mwana. Mu 2018 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Chess Association of Malawi, ndipo mu nthawi yawo, mu 2021, Lilongwe idalandira mpikisano wa akatswiri a Africa yonse, kumene Jesse February wa ku South Africa adapambana chigawo cha akazi. Pambuyo pake adakhazikitsa Dadaz Chess Academy, ndipo akhala akufikitsa chess m'sukulu zakumidzi ndi m'ndende. Ku Uganda, Phiona Mutesi adachoka m'makwalala a Katwe n'kukaimira dziko lake pa Olympiad. Komabe pamene Zambia idatulutsa Grandmaster Amon Simutowe ndipo South Africa idatulutsa Grandmaster Kenny Solomon, Africa yonse ikudikirabe mkazi woyamba wokhala ndi udindo wathunthu wa Grandmaster. Munthu mmodzi wakhama sangalipire ngongole ya mtundu wonse, ndipo n'kulakwa kumatchula dzina la mayi Namangale pa misonkhano ngati kuti nkhani idatha.

Choncho ndikuyankhula ndi inu aphunzitsi aakulu a sukulu za ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka. Bolodi ikafika pasukulu panu, musaitsekere mu ofesi n'kumaitulutsira anyamata okha. Kalabu ikumane nthawi ya sukulu, chifukwa mukaiika madzulo mwachotsa kale atsikana onse amene akudikiridwa kunyumba. Inu makolo, ntchito ya kumjigo ndi ya kunkhuni igawidwe pakati pa ana onse, kuti mtsikana naye akhale ndi ola lake loti akhale pansi aganize. Inu okonza mipikisano, mtsikana aliyense woyenda ulendo wogona apite ndi mayi womuyang'anira, pakhale munthu wodziwika wolandira madandaulo, ndipo mphunzitsi wodandaulidwa achotsedwe pakati pa ana tsiku lomwelo pamene nkhani ikufufuzidwa. Makampani amene mumathandiza chess, funsani kuti mphotho ya akazi ndi zingati musadasaine cheke.