Ana afufuze mbiri ya kwawo mboni zisanathe

Ndili ndi pempho limodzi kwa akatswiri okonza silabasi ku Malawi Institute of Education, ku Domasi. M'phunziro la mbiri ndi la Social Studies muikemo gawo loti mwana aliyense azifufuza yekha nkhani imodzi ya m'dera lake, ndipo a MANEB azipereka malikisi pa ntchitoyo. Popanda malikisi, gawolo lidzangokhala pa pepala, chifukwa m'sukulu zathu chimene sichibwera pa mayeso sichiphunzitsidwa.

Ndaphunzitsa mbiri ku sekondale yoyendera kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene phunziroli limayendera. Mabuku ndi ochepa, choncho mphunzitsi amadzaza bolodi ndi manotsi, ana n'kumakopera mpaka belu kulira. Mwana wa Fomu 4 atha kukuyalirani mosadodoma mfundo za pangano la Versailles la 1919 ndi zifukwa zimene League of Nations inalepherera. Koma mumufunse kumene makolo a m'mudzi mwake anachokera, kapena chimene chinapititsa agogo ake ku Joni, angokuyang'anani kukamwa yasa. Mwanayo si mbuli. Tamuzoloweza kuti mbiri ndi zimene zinagwera anthu ena, kutali, zolembedwa m'Chingerezi, ndipo ntchito yake ndi kuloweza basi. N'chifukwa chake ambiri akafika posankha maphunziro, mbiri amaitaya.

Sindikunena kuti za kunja zichotsedwe. Ndikunena kuti khomo lolowera lili pafupi. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inamenyedwa ku Karonga mu Sepitembala 1914, ndipo manda a asilikali akadalipo. Amuna ochuluka a dziko lino anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, aja ankatchedwa atengatenga. John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo, patangotsala miyezi yochepa kuti aukire atsamunda pa 23 Januwale 1915. Mwana wa ku Chiradzulu amene wapondapo ku Mbombwe, nafunsa akuluakulu za thangata pa minda ya A.L. Bruce ku Magomero, adzamvetsa nkhondo ya ku Ulaya kuposa amene analoweza mayina a mayiko.

Palibe boma lopanda nkhani. Ku Dedza kuli Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi, komanso zojambula za pa miyala za ku Chongoni zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Nkhotakota kuli mbiri ya Jumbe ndi malonda a akapolo. Ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Anthu a ku Blantyre ndi madera ozungulira amakumbukira njala ya 1949. Pafupifupi mudzi uliwonse unatumiza amuna ku migodi kudzera ku Wenela, ndipo m'nyumba zambiri mukadali sutikesi yachitsulo, bulangete lolemera kapena chiphaso chothimbirira chimene munthu anabwera nacho. Ena sanabwerere, anasanduka matchona. Mu Epulo 1974 ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu ntchito za kumeneko. Mwana amene watsegula sutikesiyo pamodzi ndi agogo ake, nalemba zimene amuuza, waphunzira za chuma, za msonkho ndi za maulendo a anthu nthawi imodzi.

Chimene chikundipatsa changu ndi zaka za mbonizi. Munthu amene anali ndi zaka 15 pa 3 Malichi 1959, tsiku limene asilikali anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay, lero wadutsa zaka 80. Amene anaona mpungwepungwe wa nduna wa mu Sepitembala 1964, pamene Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Henry Masauko Chipembere, Rose Chibambo ndi anzawo anasemphana ndi Dr Banda, akucheperachepera. Ku Mangochi alipo okumbukira usiku wa mu Febuluwale 1965 pamene gulu la Chipembere linalowa m'tauniyo, yomwe nthawiyo inkatchedwa Fort Johnston. Ku Mwanza alipo okumbukira Meyi 1983, pamene Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa. Amayi ambiri angathe kufotokoza mmene ankabwezedwera pa chipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani, komanso mantha ndi chimwemwe chimene anali nacho pomva kalata ya maepiskopi ikuwerengedwa m'tchalitchi pa 8 Malichi 1992. Buku limapereka mizere ingapo pa zimenezi. Mboni ikapita, zotsalazo zimapita nayo kumanda.

Ntchito yake si yovuta. Mwana wa Fomu 3 asankhe funso limodzi, afunse anthu awiri kapena atatu m'chinenero chawo, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga kapena Chinkhonde. Alembe amene wamufunsa, tsiku ndi malo. Kenaka ayerekeze zimene wamva ndi zimene zili m'buku, afotokoze pamene zagwirizana ndi pamene zasiyana. Ku pulayimale kungakwane kuti ana ajambule mapu a mudzi wawo ndi kufunsa chiyambi cha dzina la mtsinje kapena phiri. Izi sizifuna labotale kapena magetsi. Kope ndi cholembera zakwana.

Ena anena kuti okalamba amaiwala, amakometsera mbali yawo, mwinanso amanama. N'zoona, ndipo phunziro lenileni lili pomwepo. Mwana akamva agogo mmodzi akutamanda nthawi ya chipani chimodzi chifukwa cha bata ndi chimanga cha ku ADMARC, wina akulira m'bale wake amene anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, adzakakamizika kufunsa kuti wanenayo ndani, anaona yekha kapena anangomva, ndipo ali ndi chifukwa chanji chonenera choncho. Mwana wozolowera mafunso amenewa sangapusitsidwe msanga ndi uthenga wa pa WhatsApp kapena malonjezo a pa msonkhano wa ndale. Ngati Social Studies cholinga chake ndi kuumba nzika, nzika imaumbidwa motere.

Ena aopa kuti nkhani zoterezi zidzutsa chidani cha mitundu ndi zipani. Ine ndaona kuti chidani chimakula bwino pamene nkhani ikunong'onedwa kuseri, aliyense akumva za mbali yake yokha. M'kalasi, pamaso pa mphunzitsi wophunzitsidwa bwino, ana amamva mbali zonse ndipo amaphunzira kutsutsana popanda kutukwanana. Dandaulo lomveka ndi la kuchuluka kwa ana, poti mphunzitsi mmodzi sangachonge malipoti a kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Pamenepo ana agwire ntchito m'magulu, ndipo makoleji a aphunzitsi aphunzitse kafunsidwe ka mafunso ndi kachongedwe kake.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Yohanna Abdallah analemba mbiri ya Ayao, Yesaya Chibambo ya Angoni, Samuel Josia Ntara ya Achewa, ndipo onsewa anadalira zimene anamva kwa akuluakulu. Malipoti abwino a ana angasungidwe pa sukulu, ena n'kutumizidwa ku National Archives ku Zomba, kuti dziko likhale ndi nkhokwe ya maumboni ochokera m'boma lililonse.

Kusintha silabasi kumatenga zaka, pamene maliro a mbonizi akuchitika mwezi ndi mwezi. A ku Domasi ndi a MANEB asankhe sukulu zingapo m'chigawo chilichonse ayambe kuyeserera msanga, aone zovuta zake, akonze, kenaka afalitse dziko lonse. Aphunzitsi a mbiri nafenso tisadikire kalata yochokera ku unduna. Teremu ikubwerayi titume ana kwa agogo awo ndi funso limodzi lokonzedwa bwino.